Masiku anayi amene wodzilemba yekha ntchito asamawaiwale

Pa kalendala ya munthu wodzilemba yekha ntchito pali masiku anayi amene sayenera kumudutsa ali m'tulo: 25 Julaye, 25 Okutobala, 25 Januwale ndi 25 Epulo. Si masiku a tchuthi, ndipo palibe mfumu imene imaitanitsa msonkhano kuti itikumbutse. Awa ndi masiku omaliza kupereka msonkho umene a bungwe la Malawi Revenue Authority, lomwe tonse timangoti MRA, amautcha provisional tax. Ine ndimangoti msonkho woperekeratu.

Tanthauzo lake ndi losavuta. Munthu wolembedwa ntchito sauona n'komwe msonkho wake, chifukwa abwana amadula mwezi ndi mwezi malipiro asanafike m'thumba. Ndiyo PAYE ija. Koma kalipentala, telala, wowotcherera zitsulo, womanga nyumba, mwini golosale kapena mwini nyumba za lendi alibe bwana woti amudule. Boma nalo silifuna kudikira miyezi 12 yathunthu kuti lione ndalama yake. Choncho lamulo limati uyerekeze wekha phindu limene upeze chaka chimenecho, uwerengere msonkho wake, ndipo uziupereka m'zigawo zinayi, pasanathe masiku 25 chithereni miyezi itatu iliyonse. Chaka chikatha uli ndi masiku 180 oti upereke mawerengero ako enieni ndi kulipira zimene zatsala.

Ine ndine kalipentala. Shedi yanga ili ku Masasa mumzinda wa Mzuzu, ndipo ndimakhoma madesiki, mafelemu a zitseko, mabedi ndi makabati kuchokera ku matabwa a ku Chikangawa. Ndisanayambe zangazi ndidagwirapo ntchito yolembedwa pakampani ina ya mipando, kotero mbali zonse ziwiri ndazilawa. Chimene ndaona n'chakuti anzanga ambiri amene agwa m'mavuto ndi msonkho sadagwe chifukwa chakuti msonkhowo udali waukulu kuposa mphamvu zawo. Adagwa chifukwa udawapeza wonse pakamodzi, ndalama yake itadyedwa kale.

Mnzanga wina wowotcherera zitsulo, munthu wa dzanja labwino kwambiri, adalembetsa bizinesi yake ndi kutenga nambala ya msonkho chifukwa sukulu ina idamuuza kuti singamupatse oda popanda nambalayo. Oda adapeza, mageti ndi mawindo adapanga, ndalama adalandira. Zaka ziwiri zidadutsa osapondako ku MRA. Kenaka bungwe lina lidalengeza kuti likufuna munthu wopanga mabedi achitsulo a m'chipinda chogona ophunzira, ntchito imene ikadamusintha moyo. Pa zikalata zofunika padali chiphaso chosonyeza kuti ulibe ngongole ya msonkho, chimene amati Tax Clearance Certificate. Atapita kukachitenga adapeza kuti ayenera kuyamba wapereka mawerengero a zaka ziwiri, msonkho wake wonse, kuphatikizapo chindapusa ndi chiwongoladzanja. Adabwera kushedi kwanga nkhope ili gwa.

"Adada, ndalama imeneyi ndikaipeza kuti sabata imodzi?" adandifunsa.

Ndidalibe yankho. Adayesa kubanki m'khonde kwa akazi ake, koma kumeneko ndalama sidakwane. Wakatapila adamutchulira chiwongoladzanja choti ngakhale ntchitoyo akadaipeza phindu lonse likadathera komweko. Tsiku lotsekera tenda lidafika, ndipo ntchito idapita kwa munthu wina amene mawotcheredwe ake, kunena mosapsatira, sangafanane ndi a mnzangayo. Atakhala pansi n'kugawa ngongole ija m'zigawo zisanu ndi zitatu za zaka ziwirizo, adaona kuti chigawo chilichonse chidali chosaposa mtengo wa geti limodzi.

Kusokonezeka koyamba kumene ndimakumana nako kuno ndi kwa anthu amene amati, "Ine msonkho ndimalipira kale tsiku lililonse." Akunena tikiti ya mumsika, kapena laisensi ya bizinesi. Ndalama zimenezo zimapita ku khonsolo ya mzinda wa Mzuzu, ndipo ndi za malo amene mukugulitsirapo ndi chilolezo chochitira malonda. Ena amatchula VAT imene amalipira pogula simenti kapena penti. Imeneyonso ndi ina, ndi msonkho wa pa katundu amene mwagula. Umene ndikunena pano ndi wa pa phindu lanu, ndipo risiti ya khonsolo siingakuimirireni pamaso pa MRA.

Kusokonezeka kwachiwiri n'kwa mantha. Mayi wogulitsa tomato ndi usipa pabenchi akamva nkhani ya msonkho mtima umagunda, chonsecho mwina iye alibe chilichonse choti alipire. Malamulo athu sayika anthu onse m'dengu limodzi. Pali gawo la ndalama zimene munthu amapeza lomwe silidulidwa msonkho, ndipo boma limalisintha nthawi ndi nthawi: mu 2020 lidafika pa K100,000 pamwezi, mu 2024 lidakwera kufika pa K150,000. Komanso mu 2021 boma lidabweretsa msonkho wa mabizinesi ang'onoang'ono wotchedwa presumptive tax. Pamene unkayamba, udali wa mabizinesi amene malonda awo onse pachaka sadutsa K12.5 miliyoni. Oterewa amalipira ndalama yoikika kale malinga ndi kukula kwa malonda awo, popanda kuwerengera phindu, ndipo amene malonda awo sankafika K4 miliyoni sankalipira kanthu. Manambala otere amasintha nduna ya zachuma ikawerenga bajeti, choncho chinthu choyamba n'kupita nokha ku ofesi ya MRA mumzinda muno kukafunsa dengu limene muli. Musatume munthu, ndipo musadalire zomva pabawo. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa.

Msonkho woperekeratu ndi wa ife amene tadutsa pamenepo: amene malonda athu akula, amene timapereka katundu m'sukulu, m'mipingo ndi m'mabungwe, amene tili ndi nyumba zingapo za lendi. Ukukhudzanso munthu wolembedwa ntchito amene ali ndi zopeza zina zapambali. Mphunzitsi amene amadulidwa PAYE pa malipiro ake koma ali ndi chigayo kapena mdadada wa nyumba za lendi asaganize kuti PAYE ija yaphimba zonse. Yaphimba malipiro okha.

Tsono tiyeni tiyerekeze ndi manambala, chifukwa nkhani ya ndalama siimveka popanda manambala. Awa ndi ongoyerekeza, si a munthu aliyense. Tinene kuti mwawerengera malonda anu a chaka, mwachotsapo zogulira matabwa, misomali, guluu, vanishi, magetsi a ESCOM, thiransipoti, lendi ya shedi ndi malipiro a anyamata, ndipo pa phindu lotsalalo msonkho wake wabwera K1,200,000. Kuigawa panayi ndi K300,000 pa miyezi itatu iliyonse, kapena K100,000 pamwezi. Lamulo limafuna kuti pofika tsiku la chigawo chachinayi mukhale mutapereka K90 pa K100 iliyonse ya msonkho weniweni wa chakacho. Pa chitsanzo chathuchi ndiye kuti K1,080,000. Zotsalazo mumamaliza popereka mawerengero a chaka.

Mukapereweza pamenepo, chindapusa chimabwera pa ndalama imene yaperewerayo. Pamene ine ndinkayamba kulipira msonkhowu, wopereweza ndi ndalama yoposa K10 pa K100 iliyonse ankawonjezeredwa K25 pa K100 iliyonse ya zoperewerazo, ndipo wopereweza kuposa theka ankawonjezeredwa K30. Taganizani munthu wa m'chitsanzo uja atakhala chaka chonse osapereka kalikonse. Pamwamba pa K1,200,000 akadayenera kufunanso ndalama yoposa K300,000 ya chindapusa chokha. Imeneyo ndi ndalama yoti ikadagula matabwa a oda yathunthu, koma yangopita popanda chobwerera.

Chifukwa chake amakupatsani mpata wa K10 pa K100 n'chakuti palibe amene angalosere bizinesi ndendende. Kuyerekeza si kulumbira. Ngati mudayamba chaka mukuganiza kuti zinthu ziyenda, ndiye oda zauma, mutha kutsitsa chigawo chotsatira. Ngati mwapeza kontilakiti yaikulu pakati pa chaka, kwezani. Ngakhale miyezi itatu idutse osapeza phindu, ndi bwino kulemba fomu yosonyeza zimenezo kusiyana n'kungokhala chete, chifukwa kwa wosunga kaundula, munthu wachete ndi munthu amene sadalipire.

Pali kapepala kena kamene anzanga ambiri amakachita chibwana. Mukapereka katundu kusukulu, kuchipatala kapena kubungwe lolembetsedwa, sakulipirani ndalama yonse. Amadulako msonkho wotchedwa withholding tax n'kuutumiza ku MRA m'dzina lanu. Pa katundu amadula K3 pa K100 iliyonse, pa ntchito zina monga za ukatswiri amadula yochulukirapo. Ambiri amangodandaula kuti andidula, n'kutaya chikalata chimene awapatsa, kapena osachifunsa n'komwe. Komatu chikalata chimenecho ndi ndalama. Ngati mudapereka madesiki a K10 miliyoni, adakudulani K300,000, ndipo imeneyo imachotsedwa pa msonkho wanu wa chaka. M'chitsanzo chathu chija, ndiye kuti chigawo chimodzi chathunthu chalipidwa kale. Ndidaonapo munthu atakulungira misomali m'chikalata chotere. Ine zanga ndimasunga m'chikwama cha pulasitiki pamodzi ndi zikalata za puloti, chifukwa chinyezi cha ku Mzuzu sichikhululukira pepala. Ndipo popereka katundu ndimaonetsetsa kuti wolipirayo walemba nambala yanga ya msonkho molondola, kuti ndalamayo isakagwere m'kaundula wa munthu wina.

Mwa masiku anayi aja, lovuta kwenikweni ndi 25 Januwale, ndipo ndikufuna ndikhalitsepo pang'ono.

Miyezi ya Okutobala, Novembala ndi Disembala ndiyo ya ndalama kwa ife amisiri. Anthu amathamangira kufolera nyumba mvula isanagwe, akufuna mafelemu ndi zitseko. Maukwati amachuluka, akufuna mabedi ndi makabati. Abale a ku Joni amabwera kutchuthi atanyamula kangachepe, akufuna kumalizitsa nyumba zawo. Telala sagona, wa golosale sakhala pansi. Ndiye kuti phindu lalikulu la chaka limalowa m'miyezi itatu imeneyi. Koma msonkho wake umafunika mu Januwale, mwezi umene aliyense amaudziwa. Teremu yachiwiri yatsegulidwa, fizi ikufunika. Kumudzi, kaya ndi ku Mzimba, ku Rumphi kapena ku Nkhata Bay, akuimba foni kuti chimanga chikufuna feteleza wobereketsa. Mtengo wa chimanga pamsika wakwera. Khirisimasi ndi Nyuwere zadya zake. Ndipo makasitomala asowa, chifukwa nawonso ali m'mavuto omwewo. Kuno ku Masasa onjezanipo mvula: njira zotsetsereka zimasanduka matope, galimoto yobweretsa matabwa imakana kutsika, ndipo thabwa limene lanyowa silipalika.

Munthu amene akuyembekeza kuti msonkho wa Januwale aupeza kuchokera m'malonda a Januwale wadzitchera yekha msampha. Ndalama ya pa 25 Januwale iyenera kupatulidwa mu Novembala, pamene ikulowa. Chimodzimodzinso 25 Epulo, amene amagundana ndi fizi ya teremu yachitatu, ndipo kwa ife amene chaka chathu chimatha pa 31 Malichi monga cha boma, ndiye tsiku limene K90 pa K100 ija iyenera kukhala itakwana. Julaye ndi Okutobala amapepukirako, chifukwa anthu akolola, fodya wagulitsidwa ku okushoni, ndipo ndalama ikuyenda m'tauni.

Za chaka cha bomazi ndionjezepo mawu amodzi. Kale chinkayamba pa 1 Julaye n'kutha pa 30 Juni, koma kuyambira mu 2022 chimayamba pa 1 Epulo. Kusinthaku kudasokoneza ena, koma masiku anayi aja sadasunthe. Chimene chidasintha ndi chigawo chimene chili choyamba ndi chimene chili chomaliza. Makampani ena amatseka mabuku awo mu Disembala, nawonso masiku awo ndi omwewa, kungoti chomaliza chawo ndi cha Januwale.

Pali mtsutso umodzi umene ndimaulemekeza, chifukwa amene amaunena si opusa. Mkulu wina wogulitsa zipangizo zomangira, amene amakaoda katundu wake ku Tanzania kudzera pa Songwe, adandiuza kuti, "Asibweni, kwacha yogona kubanki imasungunuka ngati mchere m'madzi. Ine ndalama yanga ndimaisunga m'katundu." Akunena zoona. Mu Meyi 2022 kwacha idagwa ndi K25 pa K100 iliyonse, mu Novembala 2023 idagwanso ndi K44 pa K100 iliyonse. Amene adali ndi matumba a simenti m'shopu adadzuka olemera kuposa amene adali ndi ndalama m'buku la banki. Kupatula ndalama ya msonkho n'kuigoneka miyezi iwiri kapena itatu kuli ndi mtengo wake, ndipo sindinganame kuti palibe chimene umataya.

Koma yankho langa kwa iye lidali lakuti katundu sasanduka ndalama tsiku limene iwe ukufuna. Pa 24 Januwale simenti ili mbwee m'shopu, wogula palibe, ndipo kubanki salandira thumba la simenti. Ukakakamizika kugulitsa mothamanga umagwetsa mtengo, phindu lija lapita. Ukapanda kugulitsa, chindapusa chikudikira. Kutaya pang'ono chifukwa cha kugwa kwa kwacha pa miyezi itatu n'kopiririka kusiyana ndi zimenezo. Ndipo kugwa kwa kwacha kuli ndi msampha wina umene ambiri sauona. Mitengo ikakwera, manambala a malonda ako amakweranso, ngakhale kuti m'nyumba mwako ndiwo sizidasinthe. Ngati udayerekeza msonkho wako mu Epulo ndi mitengo yakale, n'kupitiriza kupereka chigawo chomwecho kwacha itagwa, pakutha pa chaka upeza kuti uli pansi pa K90 ija. Kwacha ikagwedezeka, bwererani ku kope lanu mukawerengenso.

Ndimadzifunsa nthawi zina chifukwa chake mawu oti msonkho amatiumitsa pakamwa chonchi, ngakhale ife amene sitidalakwe kanthu. Ndikuganiza kuti mantha amenewa tidayamwira. Msonkho udafika m'dziko muno ndi atsamunda, m'zaka za m'ma 1890, nthawi ya Harry Johnston, ndipo udali wa nyumba, mashereni atatu. Sudali wa pa phindu. Unkafunika kaya wakolola kaya sudakolole, ndipo cholinga chake china chidali kukakamiza amuna kuti akagwire ntchito m'minda ya azungu. Kuno kumpoto, Angoni a kwa M'mbelwa adalowa pansi pa boma la atsamunda mu 1904, pamsonkhano wa ku Ekwendeni ndi Alfred Sharpe, ndipo msonkho udatsatira pambuyo pake. Agogo athu ambiri amene adayenda wapansi kupita ku migodi ya ku Harare ndi ku Joni, china chimene ankafuna chidali ndalama ya msonkho. Ngakhale titalandira ufulu, msonkho wa mwamuna aliyense wamkulu udapitirira mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Achikulire amakumbukira amuna akuthawira kuthengo akamva kuti amsonkho alowa m'mudzi, ndi kufunsidwa chiphaso pakhomo la msika.

Wamsonkho wa nthawi imeneyo ankakusaka. Dongosolo la lero lidatembenuka: ndiwe amene umadziwerengera, n'kunena wekha, iwo n'kudzaona ngati wanena zoona. Koma mwendo wathu udakali wa agogo, ukamva msonkho umafuna kuthawa. Vuto n'lakuti thengo lothawirako likutha. Kuti ulembetse ngati wopereka katundu ku boma, kuti upikisane nawo pa tenda, chiphaso chija chimafunika. Mabungwe amene amatilipira amatumiza maina athu ndi ndalama zimene atidula. Munthu amene akufuna bizinesi yake ikule sangabisale mpaka kalekale. Amene angabisale ndi yekhayo amene wavomera kukhala wamng'ono moyo wake wonse.

Funso limene limabwera nthawi zonse tikamacheza pashedi ndi lakuti, nanga ndalamazo zimapita kuti? Ndi funso loyenera, ndipo munthu wa ku Masasa ali ndi ufulu wolifunsa mokweza. Tikukhala m'dera la anthu ochuluka, nyumba zomangidwa m'mbali mwa zitunda ndi m'zigwa, ndipo amene adaliko mu Epulo 2016 sangaiwale mvula imene idagwetsa nyumba ndi kutenga miyoyo ya anthu kuno. Tonse tikukumbukiranso Cashgate ya mu 2013, pamene mabiliyoni a misonkho yathu adabedwa ku Capital Hill. Munthu akamapala thabwa tsiku lonse, utuchi uli m'mphuno, n'kumva nkhani zotere, mtima wopereka umachoka. Inenso zimandiwawa.

Koma ndaona kuti mkwiyo umenewu, ukautengera pa tsiku la 25, umalanga munthu wolakwika. Wakuba wa ku Capital Hill samva kuwawa chifukwa kalipentala wa ku Masasa wachedwa kulipira. Amene amamva kuwawa ndi kalipentalayo, chindapusa chikabwera, ndi ana ake. Malo a mkwiyowo ndi pamsonkhano wa khansala, pamaso pa phungu, ndi pa tsiku loponya voti. Ndipo ndimaona kuti pakamwa panga pamalemera ndikamafunsa za msewu ndi ngalande ndili ndi risiti m'thumba. Mankhwala amene timakalandira ku Mzuzu Central Hospital ndi malipiro a aphunzitsi a ana athu, ochepa momwemo, amachokeranso m'thumba lomwelo.

Kwa alandilodi anzanga ndinene mwachidule. Lendi ndi ndalama yopeza ngati ina iliyonse. Amene ali ndi kachipinda kamodzi kapena tiwiri kuseli mwina safika pa mlingo wolipira, koma amene ali ndi nyumba zisanu kapena khumi, ena mpaka ku Chibavi ndi ku Luwinga komwe ophunzira a Mzuni amachita lendi, awerengere bwino. Ngati wokhala m'nyumba mwanu ndi kampani kapena bungwe, amadula msonkho asanakupatseni lendi, ndipo chikalata chake muchifunse monga ndanenera. Zimene mwawononga pokonza nyumbayo muzilemba ndi kusunga malisiti ake.

Mmene ine ndimachitira si zanzeru zapatali. Ndili ndi kope la sukulu lachikuto cholimba. Kumanzere ndimalemba chilichonse cholowa, kumanja chilichonse chotuluka, tsiku lomwelo, ndisanasambe. Malisiti ndimabaya pa msomali wautali umene ndidakhoma pathabwa, ndipo mwezi ukatha ndimawamanga pamodzi. Wogulitsa matabwa akakhala wopanda risiti, ndimamulembetsa m'kope langa dzina, tsiku ndi ndalama, n'kusayina. Ndalama imene wawononga koma ulibe umboni wake ndi yovuta kuiteteza, ndipo ikakanidwa imawerengedwa ngati phindu, n'kulipirapo msonkho pa ndalama imene sudadye.

Kasitomala akalipira, tsiku lomwelo ndimachotsako gawo la msonkho n'kuliika ku akaunti ina imene ilibe khadi ndipo siyolumikizidwa ku foni yanga. Ndidachita dala zimenezi. Ndalama ya pa Mpamba kapena Airtel Money imamva kulira kwa maliro ndi kwa mlamu amene wasowa thiransipoti, ndipo imatuluka usiku uli pabedi. Ya kuakaunti ija, kuti ndiitenge ndiyenera kukwera njinga ya kabaza, kupita m'tauni ndi kuima pamzere, ndipo pofika kumeneko mtima umakhala utabwerera m'malo. Mayi a kunyumba akudziwa za akauntiyo ndipo akudziwa kuti ndalama yake si yathu. Kugwirizana pa zimenezi m'banja n'kofunika, chifukwa tsiku limene ufa watha m'nyumba ndalamayo ili apo, pamafunika anthu awiri omvana kuti isakhudzidwe.

Gawo loti muzichotsa lidalira phindu la ntchito yanu. Njira yachidule ndi kutenga msonkho wa chaka chatha n'kuugawa ndi malonda onse a chaka chatha. Ngati mudagulitsa za K24 miliyoni ndipo msonkho udali K1.2 miliyoni, ndiye kuti pa K100 iliyonse yolowa, K5 si yanu. Ine ndimawonjezerapo pang'ono chifukwa cha kukwera kwa mitengo. Ikatsalako pakutha pa chaka imakhala poyambira chigawo cha Julaye. Wongoyamba kumene, amene alibe chaka chatha choti ayang'anepo, alipire munthu wodziwa za mawerengero kuti amukhazikire maziko kamodzi, koma afunse kaye kwa amalonda anzake ngati munthuyo ndi wodalirika. Ndipo ndalama ya msonkho musapatsire munthu kuti akakulipirireni. Ilipireni nokha, risiti ituluke m'dzina lanu.

Masiku ano fomu imalembedwa pa intaneti kudzera pa Msonkho Online. Ukalemba, makinawo amakupatsa nambala yolipirira imene umapita nayo kubanki. Amene foni kapena kompyuta imawavuta atha kupempha thandizo ku ofesi ya MRA, kapena kwa mwana wa sekondale amene ali m'nyumba, bola nambala yachinsinsi ikhale yanu. Ine sindidikira pa 25. Tsiku limenelo mabanki amadzaza ndi anthu a makampani, magetsi atha kuzima, netiweki itha kuvuta, ndipo nthawi zina limagwera Loweruka kapena Lamulungu. Pa kalendala ya m'shedi mwanga ndidazunguliza ndi pensulo ya ukalipentala pa 15 Julaye, 15 Okutobala, 15 Januwale ndi 15 Epulo. Masiku khumi otsalawo ndi a kasitomala amene walonjeza kuti alipira mawa.